Anthu amakonda NASA, koma kodi akufunadi kulipirira munthu wopita ku Mwezi ndi ku Mars?

Nabanda

Abale, tandithandizeni ndi ziwerengero izi, chifukwa zikuoneka ngati zikukangana zokha. Mu 2023 bungwe la Pew Research Center linafunsa anthu a ku America za ntchito ya NASA, bungwe la boma lawo loona zam'mlengalenga. Mwa anthu 100 alionse, 69 anati n'kofunika kuti dziko lawo likhalebe patsogolo pa zam'mlengalenga. Koma atawapatsa ntchito zisanu ndi zinayi kuti anene zoyenera kuikidwa patsogolo, 60 anatchula kulondera miyala ya m'mlengalenga yomwe ingagunde dziko, 50 anatchula kuwunika nyengo ya dziko lapansi. Kutumiza anthu ku Mwezi kunapeza 12 okha, ku Mars 11, ndipo ziwirizi ndizo zinali kumchira. Mu 2018 mayankho sanasiyane kwenikweni: nyengo 63, miyala 62, Mars 18, Mwezi 13. Chonsecho pafupifupi theka la ndalama za NASA limathera pa maulendo a anthu. Ndiye tinene kuti okhoma msonkho akuvomereza, kapena akukana?

a Chisale

Tisanakangane tiike kaye ndalamazo poyera, chifukwa ambiri amaziyerekeza molakwika. NASA imalandira madola pafupifupi 25 biliyoni pachaka. Pa dola iliyonse imene boma la America limagwiritsa ntchito, gawo la NASA silifika theka la senti. Mu 1966, ntchito ya Apollo yotumiza anthu ku Mwezi ili pachimake, linkapitirira masenti anayi. Asilikali okha amadya madola oposa 800 biliyoni pachaka. Katswiri wa mbiri ya NASA, Roger Launius, anasonyeza kuti pa kafukufuku wa 1997 anthu ankaganiza kuti NASA imatenga pafupifupi 20 peresenti ya bajeti yonse. Munthu wokhulupirira zimenezo akamati "chepetsani," ndiye kuti akuchepetsa ndalama yomwe kulibe.

Chinanso, ndalama ya NASA siichokera m'thumba limodzi ndi ya zipatala kapena ya thandizo la chakudya. Ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, imakambidwa mu bilu ya Commerce, Justice, Science, pamodzi ndi ya FBI, ya NOAA yoona zanyengo, ndi ya National Science Foundation. Aphungu akachotsa biliyoni imodzi ku roketi, oyamba kuikanganirana amakhala amenewo.

Naphiri

A Chisale, za theka la senti ndi zoona, koma zisatitseke pakamwa. Chinthu chitha kukhala chaching'ono pa bajeti ya dziko lolemera koma chachikulu ukachiika pambali pa ntchito zina. Mu 2022 mkulu wofufuza kayendetsedwe ka ndalama ku NASA, Paul Martin, anauza aphungu kuti ulendo umodzi wa roketi ya SLS ndi chombo cha Orion, kuwerengera ndi zipangizo zapansi, udya madola 4.1 biliyoni, ndipo iye mwini anati mtengo wotere sungapiririke. Ofesi yake inawerengera kuti pofika 2025 ntchito ya Artemis, yobwezeretsa anthu ku Mwezi pogwiritsa ntchito roketi ndi chombochi, idzakhala itameza 93 biliyoni. Nthambi yonse ya NASA yowunika dziko lapansi, masetilaiti ndi akatswiri ake omwe, imalandira pafupifupi 2.2 biliyoni pachaka. Ulendo umodzi basi ukufanana ndi zaka pafupifupi ziwiri za nthambi imeneyo. World Food Programme, mu 2022, chaka chimene inasonkhanitsa ndalama zambiri kuposa kale lonse, inapeza pafupifupi 14 biliyoni, ndipo lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2023 anthu pafupifupi 733 miliyoni anali pa njala. Amene amafunsa za njala safunsa mopusa ayi.

a Mbewe

Safunsa mopusa, ndipo sanayambe lero kufunsako. Timakonda kuganiza kuti m'zaka za m'ma 1960 aliyense ankaombera m'manja Apollo. Launius yemweyo atasanthula akafukufuku a nthawi imeneyo anapeza kuti zaka zonsezo ambiri ankati ntchitoyo siikugwirizana ndi ndalama zake. Nthawi yokha imene ovomereza anapitirira theka inali July 1969, pa ulendo wa Apollo 11, ndipo anali 53 peresenti yokha.

Tsiku loti roketi inyamuka mawa lake, M'busa Ralph Abernathy, amene analowa m'malo mwa Martin Luther King, anafika pachipata ku Cape Kennedy ndi mabanja osauka ndi ngolo zokokedwa ndi nyulu. Mkulu wa NASA, Thomas Paine, anatuluka kukakumana nawo, n'kuwauza kuti kukanakhala kuti kusadina batani lonyamutsira roketi kukanathetsa mavuto awo, sakanalidina. Mu 1970 sisitere wina wogwira ntchito ku Zambia, Mary Jucunda, analembera Ernst Stuhlinger wa ku Marshall Space Flight Center funso lomweli: mungalakalake bwanji kuwononga mabiliyoni pa Mars ana akufa ndi njala? Anamuyankha kalata yaitali yaulemu, ndipo mfundo yake yogwira mtima kwambiri inali ya masetilaiti owunika mbewu, nthaka ndi mvula. Taonani bwino pamenepo. Poteteza ulendo wa ku Mars, anatsamira makina opanda munthu ozungulira dziko lathu lomweli.

Apollo inadya madola pafupifupi 25 biliyoni a nthawi imeneyo, inalemba anthu ngati 400,000, ndipo anthu 12 anaponda pa Mwezi. Maulendo atatu omaliza anathetsedwa mu 1970. Chinkaiyendetsa ndi mpikisano ndi Soviet Union. Mpikisano utatha, ndalama nazo zinaphwa.

Nabanda

Ndiye mkangano weniweni uli mkati mwa bajeti ya zam'mlengalenga momwemo, pakati pa munthu ndi makina. A Gondwe, inu mumazidziwa zipangizozi. N'chiyani chimakweza mtengo munthu akangolowa m'chombo?

a Gondwe

Zinthu ziwiri, mayi: kulemera, ndiponso kuti munthuyo ayenera kubwerako wamoyo.

Kuti chinthu chizizungulira dziko osagwa, chiyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Kuti liwiro limenelo lipezeke, magawo pafupifupi 9 mwa 10 a kulemera kwa roketi amakhala mafuta ndi okosijeni woyatsira. Saturn V inkanyamuka ikulemera matani ngati 2,900, kolowera ku Mwezi inkaponyako matani ngati 45, ndipo chobwerera kudzagwera m'nyanja ndi anthu atatu chinali kachombo kosafika matani 6. Kilogalamu iliyonse yoonjezera pamwamba imaitanitsa makilogalamu ambiri a mafuta pansi.

Tsono munthu amabwera ndi katundu wake. Patsiku amafuna okosijeni pafupifupi magalamu 840 ndipo amatulutsa mpweya woipa, carbon dioxide, pafupifupi kilogalamu imodzi. Kumwambako mpweya wofunda sukwera wokha, ndiye mafani akazima, mpweya woipawo umaunjikana pankhope pa munthu ali mtulo. Pa International Space Station, siteshoni yokhalamo anthu yozungulira dziko, okosijeni amamupeza pogawa madzi ndi magetsi. Madzi akumwa amawabweza kuchokera ku thukuta, chinyezi cha mpweya wopuma ndi mkodzo, ndipo mu 2023 NASA inalengeza kuti yafika pobweza 98 peresenti.

Koma tamvani zomwe zinachitikira makina a mkodzowo. Pansi pano anawayesa n'kuona kuti ali bwino. Atakwera nawo, mu 2009 anatsekeka. Munthu akakhala kumalo kumene thupi silimva kulemera, mafupa ake a m'chiuno ndi msana amachepa 1 mpaka 1.5 peresenti pamwezi, ndipo kashiamu wochoka m'mafupayo amathera mumkodzo. Kashiamuyo anakumana ndi asidi wa sulfuric amene ankathira mumkodzo kuti usawole, n'kupanga timiyala toyera tomwe tinatseka makinawo. Anayamba achepetsa kaye madzi ochotsa mumkodzo, kenako anasintha mankhwala n'kuyamba kugwiritsa ntchito asidi wa phosphoric. Zaka zinapita kuti kavuto kamodzi kameneka katheretu. Loboti safuna chimbudzi, safuna maola awiri olimbitsa thupi tsiku lililonse, ndipo nthawi zambiri safuna n'kubwerera komwe.

a Kamanga

Zonsezo ndavomera, koma tiwerengenso zomwe munthu amachita akafikako. Loboti ya Opportunity inayenda makilomita 45 pa Mars m'zaka zopitirira 14. Eugene Cernan ndi Harrison Schmitt a Apollo 17 anayenda makilomita pafupifupi 36 m'masiku atatu n'kutola miyala yolemera makilogalamu 110. Schmitt anali katswiri wa miyala, ndipo anangoona ndi maso dothi lofiirira pafupi ndi chigwa cha Shorty, pomwepo n'kusintha dongosolo la ntchito. Dothilo linapezeka kuti ndi timikanda tagalasi tochokera ku chiphalaphala chakalekale. Maulendo onse a Apollo anabweretsa makilogalamu 382, pamene makina atatu a Luna a Soviet Union anabweretsa magalamu ngati 300, ndipo Chang'e 6 ya China mu 2024 inabweretsa makilogalamu osafika awiri.

Ku Mars uthenga umatenga mphindi zapakati pa 4 ndi 24 kupita kokha, malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa ali. Simungaiyendetse lobotiyo ngati galimoto. Mumaitumizira ndondomeko ya tsiku, n'kudikira mawa kuti muone ngati yatheka.

Ndiye pali Hubble, makina oonera nyenyezi ozungulira dziko. Anaikweza mu 1990 galasi lake lili lolakwika ndi mamaikulomita awiri okha (magawo awiri mwa 1,000 a milimita), zithunzi zikutuluka zosaoneka bwino. Mu December 1993 anthu anakwera kukaikamo zokonzera, ndipo anaikonza maulendo asanu mpaka 2009. Popanda manja a anthu chikanakhala chitsulo chongotayika.

Naphiri

Achimwene, mukuwerengera pa tsiku, ine ndikuwerengera pa dola. Perseverance, loboti ina ya ku Mars, kuipanga, kuinyamutsa ndi kuiyendetsa zaka zoyamba, ndi pafupifupi 2.7 biliyoni, yosafika ulendo umodzi wa SLS. Chandrayaan-3 ya India inatera chakumwera kwa Mwezi pa 23 August 2023 ndi madola ngati 75 miliyoni. Ndi ndalama ya ulendo umodzi wa anthu mutha kutumiza makina ambiri kumalo osiyanasiyana, ena kumene munthu sadzapondako, ngati Venus kapena miyezi ya Jupiter.

Za Hubble ndi zoona, koma Space Shuttle, chombo chimene chinkanyamula okonzawo, mukagawa ndalama zake zonse pa maulendo 135, ulendo uliwonse unkadya pafupifupi 1.5 biliyoni. Maulendo asanu okonzawo akanatha kulipira Hubble ina yatsopano. Ndipo James Webb, inzake ya Hubble yoonera nyenyezi, yomwe inanyamuka pa 25 December 2021, ili makilomita 1.5 miliyoni kutali, kumene palibe akupitako kukaikonza, koma ikugwira ntchito.

Chomwe chimandivuta kwambiri ndi ichi: loboti ikawonongeka tataya ndalama, koma palibe maliro.

a Gondwe

Pamenepo mwafika pa chinthu chomwe chimakhudza maganizo a anthu kuposa bajeti. Ngozi zazikulu zonse zinayambira pa kanthu kakang'ono kodziwika kale.

Shuttle ya Challenger, pa 28 January 1986. Maroketi am'mbali anali olumikiza zigawo, ndipo polumikizira pankatsekedwa ndi mphira wozungulira. M'mawa umenewo kunazizira mpaka madigiri ngati 2, mphirawo unauma osathanso kufutukuka msanga, moto unatulukira pampatawo n'kuboola thanki yaikulu. Patatha masekondi 73 anthu asanu ndi awiri anafa. Mainjiniya anali atachenjeza usiku wake. Shuttle ya Columbia, pa 1 February 2003. Chidutswa cha thovu louma lokutira thanki, chosafika kilogalamu imodzi, chinathothoka ponyamuka n'kuboola kutsogolo kwa phiko lakumanzere. Masiku 16 pambuyo pake, pobwerera, mpweya wotentha unalowera pabowolo. Thovu linali litathothokapo pa maulendo ena, ndipo poti palibe chinachitika, linayamba kuonedwa ngati chinthu cha masiku onse. Ngozi iliyonse inaimitsa maulendo zaka zoposa ziwiri, malipiro ndi zipangizo zikudyabe ndalama.

Masiku ano nkhani zake ndi zomwezo. Orion pobwera ku Mwezi imalowa mumpweya wa dziko pa liwiro la makilomita pafupifupi 40,000 pa ola, chishango chake chikutentha madigiri ngati 2,800. Chishangocho, chotchedwa Avcoat, chimayenera kunyeka pang'onopang'ono. Artemis I itabwera pa 11 December 2022, yopanda anthu, anapeza kuti chinanyotsoka m'malo oposa 100. Kufufuza kunatenga zaka ziwiri. Chombocho chinalowa mumpweya, n'kutulukanso pang'ono, kenako n'kulowanso; pa nthawi yotulukayo kunja kunazizirako, koma mkati mwa chishango mpweya unkapangikabe wopanda potulukira, mpaka unang'amba. Ndiye Starliner, chombo cha kampani ya Boeing chonyamula anthu, mu June 2024: tiinjini tisanu mwa 28 towongolera chombo tinazima poyandikira siteshoni, helium ikudontha, ndipo zoyesa zapansi zinaloza kachidutswa ka Teflon kotupa ndi kutentha n'kutchinga njira ya mafuta. Butch Wilmore ndi Suni Williams anapita kukakhala masiku ngati asanu ndi atatu, anabwera mu March 2025 pa chombo china. Ndalama zambiri za maulendo a anthu zimathera pa kuyesa, kubwereza, ndi kuika zipangizo ziwiri kapena zitatu pamene makina akanafuna chimodzi.

Nasibeko

Ndiloleni ndibwerere ku zomwe anthu anaika pamwamba pa mndandanda uja, chifukwa ndizo zotchipa, ndipo phindu lake limaoneka.

Miyala poyamba. Pa 15 February 2013 mwala wa mamita ngati 20 unaphulikira mumlengalenga pamwamba pa Chelyabinsk ku Russia, anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi a mawindo, ndipo palibe anauona ukubwera chifukwa unachokera mbali ya dzuwa. Pa 26 September 2022 chombo cha DART, cholemera makilogalamu ngati 600, chinagunda dala mwala wa Dimorphos pa liwiro la makilomita 6 pa sekondi. Mwalawo unkazungulira unzake m'maola 11 ndi mphindi 55, ndipo nthawiyo inafupika ndi mphindi zoposa 30. Ntchito yonseyo inadya madola ochepera 350 miliyoni. Koma njirayi imagwira pokhapokha mwalawo mwauona zaka zambiri usanafike. Mu 2005 Congress inalamula NASA kupeza 90 peresenti ya miyala yoyambira mamita 140 pofika 2020; chakacho chinadutsa theka lisanapezeke, ndipo chombo chofufuzira cha NEO Surveyor chinachedwetsedwapo chifukwa cha ndalama. Ntchito yomwe anthu 60 mwa 100 anaiika patsogolo siilandira ngakhale theka la biliyoni pachaka.

Za nyengo ndi chakudya. Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972. Kadontho kamodzi pachithunzi ndi mamita 30, ndipo masetilaiti awiri, Landsat 8 ndi 9, amabwerera pamalo amodzi masiku asanu ndi atatu alionse. Tsamba lathanzi limabweza kwambiri kuwala kwina kosaoneka ndi maso, lofota limabweza pang'ono, ndiye mumadziwa kuti mbewu zikuvutika miyezi kukolola kusanafike. Kuyambira 2008 zithunzizo ndi zaulere kwa aliyense. Masetilaiti awiri a GRACE, otsatizana pa mtunda wa makilomita 220, ankayeza kusintha kwa mtunda pakati pawo n'kudziwa kuchuluka kwa madzi apansi panthaka. Ndi amene anaonetsa mmene madziwo akutsikira kumpoto chakumadzulo kwa India.

Namondwe wa 1999 ku Odisha anapha anthu pafupifupi 10,000. Mu 2013 Phailin anagunda dera lomwelo, anthu ngati miliyoni imodzi anali atasamutsidwa, ndipo omwalira sanafike 100. Komabe tisanamizane, setilaiti payokha siipulumutsa munthu. Pakati pa zaka zimenezo boma linamanga malo othawirako, linaphunzitsa anthu, ndipo linakonza njira yofalitsira chenjezo. Chithunzi chikangothera pa kompyuta ya muofesi, palibe chapindulika.

a Kamanga

Nanga luso lomwe limatsikira kwa tonse kuchokera ku maulendo a anthu? Zimenezonso ndi phindu la pansi pano.

a Mbewe

Lilipo, koma tisankhe zoona zokhazokha, chifukwa mabodza ake ndi amene amafooketsa mlanduwu. Teflon anaitulukira ku DuPont mu 1938, NASA kulibe. Velcro ndi ya injiniya wa ku Switzerland, George de Mestral. Zoona zake ndi monga izi: kompyuta ya Apollo inagula gawo lalikulu la tizipangizo ta integrated circuit toyamba ku America, zomwe zinathandiza kutsitsa mtengo ndi kukweza luso lopangira, ndondomeko ya HACCP yoteteza chakudya m'mafakitale inayamba pokonza chakudya cha oyenda m'mlengalenga, NASA ikugwira ndi kampani ya Pillsbury. Kamera ya mufoni, ya mtundu wa CMOS, inakulira ku JPL, malo a kafukufuku a NASA, m'zaka za m'ma 1990, koma cholinga chinali kuchepetsa makamera a zombo zopanda anthu. Ndipo wotsutsa ali ndi yankho lamphamvu: mukafuna luso la zamankhwala kapena la madzi, perekani ndalama ku kafukufuku wa zimenezo mwachindunji.

Funso la mayi Nabanda lija, loti bwanji ndalama sizitsata mndandanda wa anthu, yankho lake lili pa mapu. SLS imayang'aniridwa ku Huntsville, Alabama. Thanki yake yaikulu imapangidwa ku New Orleans, maroketi am'mbali ku Utah, mainjini amayesedwa ku Mississippi, imanyamukira ku Florida, ndipo ulendo umawongoleredwa ku Houston. Phungu aliyense wa maderawa ali ndi anthu ake pantchito. Munthu amene anayankha kafukufuku pafoni sasintha voti yake chifukwa cha NASA, koma wogwira ntchito pafakitale ya roketi amasintha. Chikondi cha ambiri n'chotambalala koma chosazama. Cha ochepawa n'chozama.

N'chifukwa chake mapulogalamu amafa koma zipangizo zake sizifa. Constellation, pulogalamu ina yobwezeretsa anthu ku Mwezi, inathetsedwa mu 2010 itadya pafupifupi 9 biliyoni, komiti ya Norman Augustine itanena kuti zolinga zinali zopitirira ndalama zomwe zinalipo. Chaka chomwecho Congress inalamula SLS, yoti inyamuke pofika 2016. Inanyamuka mu November 2022. Mainjini ake anayi a RS-25 ndi aja a Shuttle opangidwa kuti azigwira maulendo ambiri, koma tsopano amatayidwa m'nyanja ulendo umodzi. Kufuna siteshoni, Mwezi, Mars ndi sayansi yonse pa bajeti yosakula, ndi zija amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

a Chisale

Chitsanzo chapafupi ndi cha 2025. Mu May boma linapempha kuti bajeti ya NASA itsike kufika 18.8 biliyoni, ya sayansi idulidwe pafupifupi theka, pamene ya maulendo a anthu ku Mwezi ndi Mars ikwere. Mu July aphungu anaika ndalama zina zapadera pafupifupi 10 biliyoni, zambiri zopita ku maulendo a anthu, kuphatikizapo SLS. Muike zimenezi pambali pa mndandanda wa Pew, muona kuti zaima chozondoka.

Koma mtengo wa munthu si mwala wosasuntha. Shuttle itapuma mu 2011, NASA inkagula mipando pa Soyuz ya Russia mpaka mtengo unapitirira 80 miliyoni pa mpando. Itasintha kalembedwe ka kontirakiti, kusiya kulipira zonse zomwe kampani yawononga kuphatikizapo phindu, n'kuyamba mtengo wokhazikika, ofesi ya Paul Martin inawerengera mu 2019 kuti mpando wa Crew Dragon ya kampani ya SpaceX ndi pafupifupi 55 miliyoni, wa Starliner 90 miliyoni. Starliner itachedwa, zambiri mwa zoonjezerazo zinagwera kampani, osati okhoma msonkho. Ndiye munthu atha kufuna maulendo a anthu koma n'kukana njira yomwe akulipiridwira. Kafukufuku wa funso limodzi sagwira kusiyana kumeneku.

a Kamanga

Ndinene poyera mbali yanga. Sindikuteteza maulendo a anthu chifukwa cha sayansi yokha. Pa dola, achemwali Naphiri apambana. Ndikuteteza chifukwa luso lotere likasiyidwa limafa. Pambuyo pa 1972 panadutsa zaka 50 chombo chopangira anthu chisanabwerere ku Mwezi, ndipo ngakhale Avcoat yomweyo anachita kuiphunziranso kapangidwe. Ndiponso mayiko ena sakudikira. China inakweza Yang Liwei mu 2003, inamaliza siteshoni ya Tiangong mu 2022, ndipo yanena kuti ikufuna munthu pa Mwezi pofika 2030. India ndiyo imandiphunzitsa zambiri. Woyambitsa ntchito yawo, Vikram Sarabhai, ananena kuti iwo salota zopikisana ndi mayiko olemera pa Mwezi kapena maulendo a anthu, koma kugwiritsa ntchito lusoli pa mavuto enieni a anthu. Anayamba ndi masetilaiti a nyengo, mauthenga ndi ulimi, ndipo patapita zaka makumi ambiri ndi pamene ayamba Gaganyaan, ntchito yawo yotumiza anthu m'mlengalenga. Ndondomeko imeneyo ndikuivomereza, bola masitepe apamwambawo asachotsedwe.

a Gondwe

Ngati ndi choncho tisiyanitse Mwezi ndi Mars, chifukwa pofunsa anthu amaziika pamodzi ngati zofanana. Ku Mwezi ndi masiku atatu, chikavuta mumabwerera. Ku Mars mpata wonyamuka umabwera miyezi 26 iliyonse, ulendo ndi miyezi 6 mpaka 9, ndipo kupita ndi kubwera ndi zaka ziwiri kapena zitatu popanda wokubweretserani chitsulo chosinthira. Chipangizo choyeza cheza choopsa pa chombo chomwe chinanyamula loboti ya Curiosity kupita ku Mars chinasonyeza kuti kupita ndi kubwera kokha munthu angalandire mamillisievert (mlingo wa chezacho) ngati 660, pamene malire a NASA a moyo wonse wa pantchito ndi 600. Mpweya wa Mars sufika 1 peresenti ya wathu: ndi wokwanira kutentha chombo, koma wosakwanira kuchiimitsa ndi parachuti. Cholemera kwambiri chomwe chinaterako bwino ndi tani imodzi, pamene cha anthu chikufuna matani 20 kapena kuposa. Pobwerera, anthu anayi akufuna okosijeni matani ngati 25 woyatsira mafuta. Kamakina ka MOXIE pa Perseverance kanayesa kumupanga kuchokera mumpweya wa komweko, ndipo maulendo 16 kanapanga magalamu 122.

Ngakhale za Mwezi zatsamira pa chinthu chomwe sichinachitikepo pa mlingo waukulu: kuthira mafuta kuchokera m'chombo china kupita m'chinzake zili m'mlengalenga. Starship, chombo cha SpaceX choterera pa Mwezi, ya kontirakiti ya 2.9 biliyoni ya 2021, ikufuna maulendo ambiri odzaza thanki isananyamuke kuchoka pafupi ndi dziko. Okosijeni wamadzi amakhala pa madigiri 183 pansi pa ziro, methane pa 162, ndipo dzuwa likawomba thanki amayamba kuwira n'kuthawa. Maulendo odzazawo akatalikirana, mafuta oyamba aja amakhala akuchepa. Komanso kopanda kulemera madziwo sakhala pansi pa thanki, amayandama, ndiye pamafunika kukankha chombo pang'ono kuti asonkhane potulukira.

Nabanda

Apa ndaona kuti vuto lina ndi kafunsidwe. "Kodi mukufuna anthu apite ku Mars?" ambiri avomera, chifukwa funsolo lilibe mtengo. Lofunika ndi lakuti: pa madola 100 a NASA, angati apite ku maulendo a anthu, angati ku nyengo, angati ku miyala, angati ku zombo zopanda anthu, ndipo wofunsidwayo auzidwe kaye mmene agawidwira panopa.

Naphiri

Funso limenelo lili ndi tsiku lake lenileni. International Space Station, yomwe mwakhala anthu osalekeza kuyambira pa 2 November 2000, ikuyembekezeka kutha ntchito cha m'ma 2030. Yakalamba, ndipo mbali ina ya Russia yakhala ikudontha mpweya kuyambira 2019. Mu June 2024 NASA inapatsa SpaceX kontirakiti yofika 843 miliyoni yopanga chombo chodzaikankhira pansi kuti idzagwere m'nyanja kutali ndi anthu. Siteshoniyo imadya pafupifupi 3 biliyoni pachaka, yoposa bajeti yonse yowunika dziko lapansi. Ena akufuna ndalamayo ipite ku masiteshoni a makampani, ena ku Mwezi. Ine ndikufuna gawo lake lipite ku masetilaiti olowa m'malo mwa Terra ndi Aqua, omwe akhala akuyeza mitambo, moto wa m'tchire ndi zomera kuyambira 1999 ndi 2002 ndipo mafuta awo akutha, komanso ku ntchito yopeza miyala ija ya mamita 140 yomwe sitinaione. A Chisale, bilu ya Commerce, Justice, Science ikadzafika pa mzere umenewu, mudzatibweretsere ziwerengero zake tidzaziike pambali pa mndandanda wa Pew.